Mpamba wa Wadih ndi Maampu Asanu

Kunali kutatsala masiku awiri kuti Sepitembala athe, ndipo Wadih anali asanafikebe pa madola 4,000. Anali ndi 3,640. Nambala imeneyi ankaidziwa kuposa tsiku lake lobadwa, koma ankangotsegulabe kompyuta n'kuiyang'ananso, ngati kuti ndalama zimaswana munthu akapita kukamwa madzi.

Pangano analipanga yekha, ndi pakamwa pake, palibe anamukakamiza. Chimwalirireni bambo ake, ndalama zomwe anasiya kubanki zitasanduka nkhani chabe mabanki a m'dzikolo atagwa, amene ankalipira lendi ya nyumba yawo ya ku Dekwaneh anali amalume ake a Nabih, omwe ali ndi sitolo ya matayala ku Abidjan. Mwezi wa Juni amalumewo anaimba foni atatopa.

"Iwe, zaka 27, ndizikudyetsabe ine? Ntchito yako kudinadina kompyuta basi?"

"Amalume, poka si juga. Ndi masamu."

"Masamu akowo akudyetse ndiye. Paja umati ukafika pa matebulo a madola 100 ungasamale amayi ako wekha?"

"Ndingathe."

"Ufikapo liti?"

"Pakutha pa Sepitembala."

"Chabwino, bwana wa masamu. Pa 30 undionetse 4,000 yakoyo, ndikusiya. Ukalephera, pa 3 Okutobala ukwere ndege, udzadziwe kulemera kwa tayala la lole."

Wadih sankafuna kupita, ndipo tisabise, ankachita mantha. Anzake onse a kusukulu anali atabalalika, wina ku Dubai, wina ku Montreal, wina ku Kinshasa. Ankawaona pa foni atanenepa, akumwetulira, amayi awo kuno akudya okha. Iye ndiye anali yekhayo wotsala mwa ana a amayi ake, a Nuhad, ndipo anali atalumbira kuti sadzawasiya pa nsanjika yachinayi okha ndi firiji.

Kunena chilungamo, mnyamatayu sanali wotchova juga wamba. Anayamba ndi madola 80 pa matebulo olowera madola awiri, kusewera makhadi a poka pa intaneti ndi anthu omwe sankawaona nkhope. Pakhoma, pamwamba pa kompyuta, anamatapo pepala lolemba ndi dzanja. Usakhale pa tebulo ngati mpamba wako sukwana kulowapo ka 40. Ukatsika, bwerera pa tebulo laling'ono, usachite manyazi. Mpamba sadyera. Kwa miyezi khumi ndi isanu ndi inayi anamvera pepala limeneli kuposa mmene anamverera munthu wina aliyense. Anachoka pa madola awiri n'kufika pa asanu, pa 10, pa 25, mpaka pa 50. Kawiri konse anagwa n'kubwerera pansi, osadandaula. Nsapato zinang'ambika, sanatapepo. Mwezi wa Julaye kabokosi ka batire komwe kankagwirizira kompyuta magetsi akathima kanafa, katsopano kanali madola 40, iye anati adzagula akafika pa 4,000.

Koma Sepitembala anali mwezi wouma mtima. Lero wapha 200, mawa wabweza 200. Ankadzuka, kukhala, kupita pakhonde, kubwerera, kutsegula firiji osatengamo kanthu.

Nyumbayo inkayendera maampu asanu, mlingo wa magetsi omwe ankagula ku jenereta ya Abu Jirjis, ndipo masamu a maampuwo mwini wake anali a Nuhad. Kompyuta, firiji ndi fani imodzi, zimayenda. Fani yachiwiri, zimayendabe koma mopemphera. Simbi yositira imafuna nyumba yonse izime. Giza yotenthetsera madzi ndiye musaitchule n'komwe, imeneyo ndi ya magetsi a boma okha, akabwera mwa chisomo chawo ola limodzi kapena awiri. Tsiku lonse a Nuhad ankayendera maswichi m'kanjira ka m'nyumba, masilipasi ali phwa phwa, kuona chomwe chayaka ndi chomwe chazima. Chilimwe chonse anagona masana opanda fani kuti mwana wawo asewere.

Koma pakamwa pawo panali pena. "Pita kwa amalume ako ukakhale munthu," ankatero m'mawa uliwonse pomuikira khofi. Sutikesi anaitsitsa pamwamba pa kabati kumayambiriro kwa mwezi n'kuiimika m'kanjira, penipeni pomwe Wadih ankapunthwapo chala popita kubafa. Malaya ake asanu ndi atatu anawachapa n'kuwaunjika pampando pabalaza.

"Nanga osawasita bwanji, poti mukufunitsitsa ndizipita?" anawafunsa tsiku lina mopsa mtima.

"Ndisite ndi chiyani? Maampu onse ali kwa iwe."

Lachinayi, pa 29, magetsi a boma anabwera cha m'ma 11 koloko m'mawa. Nyumba yonse yosanjikizanayo inadzidzimuka nthawi imodzi. Makina ochapira anayamba kulira pansi ndi pamwamba, wina akuitana mwana kuti athamange akapope madzi. A Nuhad anali atapita kukagula mkate ndi tomato. Wadih anayatsa giza, anadikira, anasamba madzi otentha koyamba m'masabata awiri. Anameta ndevu, anavala malaya oyera ngakhale anali okwinyika. Ankadzikonza ngati munthu wopita kukafunsira mbeta, chifukwa maganizo anali atawamanga kale kum'bandakucha.

Madola 360 m'masiku awiri pa matebulo a 50, ndi mwezi woipa chonchi, sizikanatheka. Koma masana atatu otsatizana anali akuonerera tebulo lina la madola 500, pomwe pankakhala munthu wodzitcha AbuDahab. Ameneyu ankamwaza ndalama ngati mpunga wa paukwati. Khadi lililonse kwa iye linali labwino. Wadih anati akhalapo kamodzi kokha, atape 360 yake, anyamuke. Anayang'ana pepala la pakhoma lija. Mpamba wake unkakwana kulowa pa tebulo limenelo kasanu ndi kawiri basi. Sanaling'ambe pepalalo, mtima unakana. Analitembenuza kuti liyang'ane kukhoma.

Itakwana 1 koloko magetsi a boma anapita kwawo. Panadutsa kamphindi, jenereta ya Abu Jirjis inatsokomola kuseri kwa msewu, fani inayambanso kuzungulira. Nthawi yomweyo a Nuhad analowa ndi matumba awo, akupuma mwamphamvu chifukwa cha masitepe.

"Amayi, lero mupite kwa a Hiam mukamwe khofi. Mukhaleko ndithu mpaka madzulo."

A Hiam anali mnzawo wa pa nsanjika yachisanu. A Nuhad anamuyang'ana mwana wawo, ndevu zometa, malaya oyera, kenako anayang'ana pepala lotembenuzidwa lija.

"Ndione kaye maswichi."

"Ndaona kale onse."

"Waona?"

"Amayi, kodi ndine mwana? Masilipasi anuwo amandisokoneza mutu. Phwa phwa tsiku lonse. Lero lokha ndipatseniko mtendere."

Mawu amenewa anawapweteka, ndipo iye anaona kuti awapweteka. Anaika mkate patebulo la kukhitchini, anatenga makiyi, anatuluka osadutsa m'kanjira muja.

Wadih anakhala pa tebulo la 500. Mphindi khumi zoyamba ankangotaya makhadi. Kenako anaona kuti anthu a kumtunda kuno nawonso amalakwitsa, kungoti amalakwitsa modula. Anapha 90 kwa AbuDahab. Anabweza 40. Anaphanso 150, kenako 120. Pofika 2 koloko ndi theka, pa tebulo anali ndi 820. Kuphatikiza ndi zomwe anasiya kunja, zonse zinali 3,960.

Madola 40 okha, mtengo wa kabokosi ka batire kaja. Anaimirira, anakhalanso. Anapukuta manja pa thalauza. Dzanja limodzi lokha la makhadi, anadziuza.

Anamugawira manaini awiri, makhadi a nambala 9. Anaponya ndalama, AbuDahab anawonjezera, iye anavomera. Pakati pa tebulo panagwa makhadi atatu, ndipo limodzi linali naini. Khadi lachinayi litatembenuka, linali naini winanso. Manaini onse anayi a m'makhadimo anali ake. Munthu akhoza kusewera chaka chathunthu osaona zimenezi. Anaponya pang'onopang'ono ngati munthu wokayika, AbuDahab akutsatira, mpaka 520 ya Wadih inali pakati. Khadi lomaliza litagwa, AbuDahab anakankha zonse zomwe anali nazo.

Chomwe chinatsala chinali kudina kamodzi, kuvomera ndi 300 yotsalayo, n'kukolola. Zonse pamodzi zikanakwana 4,780. Chala chinali kale pamalo pake. Koma abale, munthu ndi munthu. Miyezi khumi ndi isanu ndi inayi ya nsapato zong'ambika inafuna kulawidwa pang'ono. Anatsamira kumbuyo, anaseka yekha, anati, "Amalume, matayala anuwo muzinyamula nokha."

Kompyuta inangoti phethi. Fani inayamba kuzungulira mwaulesi, n'kuima.

Foni yake inali pomwepo, pambali pa dzanja lake lamanzere, ndipo akanatha kulowa nayo pa tebulo lomwelo. Masewerawa amadikira munthu wothimiridwa pafupifupi mphindi imodzi asanamutayire makhadi. Koma mwana wa ku Dekwaneh magetsi akathima saganiza ndi mutu. Miyendo inachita zomwe yakhala ikuchita chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pamene bambo ake ankakuwa kuti thamanga ukakweze swichi. Anatulukira pakhomo wopanda nsapato, anatsika masitepe atatuatatu, nsanjika yachitatu, yachiwiri, phewa linagunda khoma, yoyamba. Za foni zinamufikira ali pansi, akutsegula bokosi lachitsulo la pakhomo lalikulu pomwe pali maswichi a mabanja onse. Yawo inali itagwa. Anaikankhira m'mwamba.

Abu Jirjis anali tsidya la msewu pa mpando wake wapulasitiki, mimba ili panja, akumwa khofi.

"Bwana wa makhadi, mwatsegula fakitale kumwambako? Maampu asanu ndi asanu, mphwanga, sakula ndi mapemphero. Ndinakuuza ulembetse khumi."

Wadih anatembenuka. Anakwera masitepe aja chifuwa chikuyaka moto. Kompyuta yakale ija inadzuka mwa nthawi yake, ngati gogo woitanidwa kutulo. Pomwe tebulo linkaoneka, anthu anali kale pa dzanja lachitatu kuchokera pa lake lija. Manaini anayi anatayidwa ngati zinyalala. AbuDahab anali atakolola zonse, ndipo anali atalemba pambali kuti zikomo m'bale wanga.

Asanapume n'komwe, magetsi anathimanso.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandipsetsa mtima. Wadih akanaimirira pamenepo, akanakhala ndi 3,440. Kuyambira m'mawa anali ataluza 200 yokha, ndalama yomwe anali ataluzapo kambirimbiri n'kugona tulo. Koma m'mutu mwake simunalinso 3,440. Munali 4,780, ndalama zake, zomwe munthu wina wamubera masana dzuwa likuswa mtengo. Sanatsikenso kukakweza swichi. Anatola foni ija tsopano, anakhala pansi pa simenti atatsamira bedi, n'kulowanso pa tebulo lomwelo.

M'nyumba munatentha ngati mu uvuni wa mkate. Thukuta linkagwera pa galasi la foni, iye n'kumapukuta ndi malaya oyera aja. Ankathamangitsa AbuDahab dzanja lililonse, ndi makhadi omwe dzulo lake sakanawayang'ana kawiri. 300 ija inapita. Analowetsa 500 ina, inapita ndi makhadi abwino ndithu, tsoka chabe. Analowetsa ina kuti abweze tsokalo. AbuDahab ananyamuka cha m'ma 4 koloko, mwina kukadya, ndipo otsalawo sanali anthu omwaza mpunga. Anamuona kuti wavulala, anamuzungulira mwakachetechete. Iye ankadziwa zomwe zikuchitika, ankadziona ngati akuonerera munthu wina, koma chala sichinkamva.

Itakwana 5 koloko foni inachenjeza kuti batire latsala pang'ono. Mpamba unali 1,140.

Kiyi inalira pachitseko. A Nuhad analowa, anaima, anamvetsera. Nyumba yopanda phokoso la firiji anaizindikira asanaone chilichonse.

"Magetsi athima nthawi yanji? Nyama ili mufiriji, iwe."

Wadih anatuluka kuchipinda maso ali psuu.

"Munabwera, eti? Munalowa mwakachetechete kudzasita malaya anuwo."

"Ukuti chiyani?"

"Mwakhala mukufuna ndipite. Mwezi wonse sutikesi pakhomo, pita, pita, pita. Mwapambana tsopano. Muwaimbire achimwene anuwo muwauze kuti wantchito wawo akubwera."

A Nuhad anaika makiyi pansi. Anapita pabalaza, anatenga simbi pansi pa mpando wa malaya uja, chingwe chake chili chokulungakulunga mmene chinakhalira mwezi wonse, n'kumuika m'manja. Inali yozizira, pamwamba pake pali fumbi. Kenako anatuluka pakhonde n'kuitana pansi.

"Abu Jirjis, pepani bambo, tikwezereniko swichi yathu. Mawondo angawa sangabwerezenso masitepe."

"Chifukwa cha inu, mayi, osati fakitale yanuyo," anayankha kuchokera kumsewu.

Patapita kanthawi firiji inanjenjemera n'kuyamba kulira. Ndipo m'kanjira muja, pambali pa chitseko cha bafa, pamwamba penipeni pa sutikesi, kanyali kofiira ka swichi ya giza kanayaka.

Onse awiri anakaona. Wadih anakumbukira. Giza ija anaiyatsa ndi iye cha m'ma 11, anasamba, anameta, n'kuiwala. Madzi ali otentha giza inangokhala chete osadya moto, jenereta n'kuyamba bwinobwino. Madziwo atazirala, inadziyatsa yokha, nthawi ya manaini anayi. Amayi ake akanangodutsa m'kanjiramo kamodzi, ndi masilipasi awo aja, akanaona.

A Nuhad anatambasula dzanja n'kuzimitsa.

"Ndine ndinaiwala," anatero, osamuyang'ana. "Ukalambatu uwu."

"Amayi, inu munali kumsika."

A Nuhad anakhala pa sutikesi ija, manja pa mawondo. Wadih anali ataimabe ndi simbi m'manja, ndipo manyazi omwe anamugwira anaposa ululu wa ndalama zija.

"Zatsala zingati?" anafunsa a Nuhad.

Anawauza.

"Mawa sungabweze? Ndikhala kwa a Hiam tsiku lonse. Firiji tizimitsa, nyamayi ndiphika lero."

Apa m'pamene Wadih anawayang'ana bwinobwino. Mayi yemwe mwezi wonse ankati pita ukakhale munthu, anali akumupempha kuti atchovenso.

"Si inu mumati ndizipita?"

"Ndimati ndizitero kuti tsikulo likadzafika lisadzandipweteke kwambiri." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Magetsi a boma abwera kangati mwezi uno? Ukuganiza kuti ndikanalephera kusita malaya asanu ndi atatu? Ndimati ndikangowasita, ndiye kuti wapita."

Wadih analowa kuchipinda. Mtima unali ukumuuza kale kuti n'zotheka, kulowa kawiri pa tebulo la 500, AbuDahab abweranso mawa masana, manaini aja ali ndi ngongole naye. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anatembenuza pepala la pakhoma lija kuti limuyang'ane. Masamu ake sanali ovuta. Munthu wa 1,140 malo ake ndi pa matebulo a 25, ndipo kuchoka pamenepo kufika pa 4,000 ndi miyezi isanu ndi itatu zinthu zikamayenda bwino. Analimatula bwinobwino kuti lisang'ambike, analipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya.

Anazula chingwe cha kompyuta kukhoma. Anazimitsa fani. Anapita kukhitchini n'kuzimitsa firiji. Atabwerera pabalaza anamasula chingwe cha simbi, anaipukuta fumbi ndi dzanja, n'kuilumikiza pomwe amayi ake akanafikira osawerama.

"Maampu onse ndi anu, Amayi."

A Nuhad anadzuka pa sutikesi paja pang'onopang'ono. Anayala bulangete patebulo lodyera, anatenga malaya oyamba pa mulu uja, abuluu, omwe anali a bambo ake a Wadih. Analawa kutentha kwa simbi ndi chala chonyowa. Wadih anabweretsa sutikesi, anaigoneka pansi n'kuitsegula, anakhala pambali pake kudikira.

Malaya oyambawo anawasita nthawi yaitali kwambiri. Kolala yokha anaibwereza katatu.